Simukhadi ya M'thumba la a Fabiano

A Fabiano ndinawadziwira pamsika wa Tsangano, pomwe ndimagulitsa kachewere. Ankabwera kawiri pasabata kudzakhala pathumba langa lakumapeto, poti mpamene netiweki imakoka bwino. Anali ndi setifiketi ya zaulimi, mkazi, ana awiri, ndi kafoni kong'aluka galasi kolowa simukhadi imodzi yokha. Pakafoniko ndi pomwe ankasakira ntchito.

Malemu bambo awo anagwirapo kumigodi ya ku Joni. "Iwo aja anangovula malaya, dokotala n'kuwayeza chifuwa, basi ntchito yapezeka," ankatero. "Ine ndi mapepala onsewa ndikupempha kwa munthu wosamuona nkhope."

Malita, mnzanga wa kabichi, sankawasiya. "Abwana mlangizi, ofesi mwatsegula? Mundionereko ntchito yaukalaliki, mbozi zandikwana!"

"Akufuna odziwa kulemba, Malita, osati kulongolola," ankamubwezera motero.

Ine ndinkawawerengera makalata ofunsira ntchito amene atumiza. Pofika Meyi anakwana 63. Chinkawadetsa nkhawa chinali zaka. Ntchito zambiri za ulangizi zomwe ankaziona zinkafuna munthu wosapitirira zaka 35, ndipo iwo ankakwanitsa 36 mu Julayi.

Kuno kumalire ambiri timakonda bandulo ya intaneti ya ku Mozambiki poti imakhalitsa. Ndine ndinawapangira nzeruyo. "Achimwene, gulani simukhadi yakutsidya, muzisaka tsiku lonse," ndinatero. Anagula. Yakuno anaikulunga m'kapepala n'kuiika m'thumba la malaya. Tonse awiri sitinaganize kuti pamakalata onse aja panali nambala yakuno.

Tsiku lina mu Juni anamva kuti apongozi awo adwala ku Kandeu, ndiye anabwezeramo simukhadi yakale kuti aimbe. Foni inalira katatu motsatizana. Anawerenga mauthenga amene analowa, n'kundipatsira foniyo. Bungwe lina la ulimi wothirira linkawaitana ku mayeso a ntchito ku boma. Tsiku lake linali litadutsa masiku asanu ndi anayi.

Ndinawakakamiza kuimba pafoni yanga. Anayankha mayi wina waulemu ndithu. "Bambo, tinakuimbirani kanayi, simunkapezeka. Munali woyamba pamndandanda. Pepani, tinatenga wina."

"Zikomo, mayi," anatero a Fabiano, atavula chipewa ngati mayiwo akuwaona.

Malita anangowerama n'kumasenda masamba a kabichi abwinobwino. Ine ndinayamba kupepesa koma anandidula. "Iwe unandifunira zabwino, mng'ono wanga."

Julayi anafika popanda wina woitana, ndipo a Fabiano pamsika anasowa. Ine sindinagonje. Sabata yatha ndinawalondola kwawo nditapeza malo atatu a ntchito amene sanatchule zaka. Ndinawapeza kudimba, matope mpaka m'maondo. Anapukuta manja pathalauza n'kutenga foni yanga, n'kuwerenga mofatsa mpaka kumapeto.

"Ukawaonetse achinyamata," anatero pondibwezera foni. Kenaka, maso ali kumbali, anandifunsa ngati ndapeza kale anthu okumba kachewere kumunda kwanga chaka chino.