Ndowa Imodzi, Mizere Itatu

Ndinanyamuka pa boma la Nkhotakota Lachiwiri, sikisi koloko m'mawa, nditasenza ndowa ziwiri za mpunga wosakonola m'thumba. Ananditumiza ndi amalume anga a Sayidi, tcheyamani wa bungwe la alimi lomwe lili ndi zigayo zitatu. Dizilo anali atakwera, ndipo chimodzi chinayenera kutsekedwa. Cha kwathu kwa Malengachanzi chinalibe mlandu. Cha ku Benga chinkatchuka ndi kuchuluka kwa ndowa zogayidwa, choncho mpeni unali pakhosi pa cha ku Kanyenda.

"Pita ukangoona, iwe unafika Fomu Thuu," anatero. Fomu Fili anakana kundilipirira ndi iwo omwewo.

Matola ya ku Benga inali K15. Kondakitala anafunanso K5 ya thumba.

"Ndi matipate ino, bwana. Thumba nalo lili ndi ufulu wolipira."

Ku Benga ndinafika cha m'ma naini. Woyendetsa chigayo ndi a Phiri, mlongo wawo wa akazi a amalume. Ndinathira ndowa yanga imodzi, iwo nkulemba mzere pakhoma ndi khala. Mpunga unatuluka theka uli ndi makoko.

"Bwezera, mphwanga."

Ndinabwezera. Mzere wachiwiri. Ndinabwezeranso. Wachitatu.

"A Phiri, ndowa ndi imodzi."

"Makina alira kangati? Usandiphunzitse ntchito, sukulu inakukana."

Ndinadya chinangwa chophika cha K2, nkukwera lole yopita ku Dwangwa. K25, utakhalira matumba a feteleza, mpaka ku Kanyenda fili koloko.

Mayi Nyamanda, amasiye, ndiwo amayendetsa chigayo cha kumeneko. Anandiyang'ana kuyambira kuphazi.

"Ndiwe wadzatitsekera? Ana anga anayi ukawadyetse wekha."

"Ine ndadzagayitsa basi, mayi."

Anagogoda sefa ndi sipanala, nkuthira ndowa yanga. Kamodzi kokha. Mpunga unatuluka woyera, wathunthu, fungo lake kununkhira. Analemba kamzere kamodzi, dizilo osatha ngakhale kapu.

Lachitatu masana, amalume atabwera ku swala kumzikiti, ndinaika mbale ziwiri za mpunga uja pamkeka. Akazi awo anafika, natola mbale ya ku Benga, nkuitapatapa ndi zala.

"Zinyenyeswa izi wagaya ndani? Azidya nkhuku!" Anawaza pabwalo.

"Achimwene anu," ndinatero. "Katatu."

Amalume anatsokomola nthawi yaitali, maso ali pa nkhuku. Kenaka anandifunsa mwakachetechete ngati sefa yatsopano ya chigayo cha a Phiri ingapezeke ku Salima.

Chigayo cha Mayi Nyamanda chikulirabe mpaka lero. Cha a Phiri ati "chikupuma pang'ono," poti mlamu satsekeredwa. Ine zikomo sindinalandire, K5 ya thumba yomwe sanandibwezere. Koma ndinaphunzira chimene Fomu Fili sikanandiphunzitsa: osawerenga mizere pakhoma, yang'ana chimene nkhuku zapatsidwa.