Tsiku Limene Tinaika Achemwali ku Imbeza

Ndinadzuka kusanache, amayi a mpingo akuimbabe ndi mawu osasa. Nkhungu inali itakuta mapaini onse a m'phiri. Atsikana anali atapita kale kumtsinje ndi zigubu, chifukwa pampu yoyendera dzuwa ya pakomboni pathu inafa dzinja lathali.

Achemwali anga, a Esnati, ankaphunzitsa uinjiniya pakoleji ina mu Mutare. Tinabadwira pafamu pomwepa, makolo athu atachokera ku Malawi, ndipo famuyo itagawidwa tinatsalira m'nyumba zakale za antchito. Pampu ija anaiika ndi ophunzira awo. Imfa inawapeza achemwaliwo akufufuza chifukwa chake zinthu zimene ophunzira amamanga m'midzi zimafa eni ake akangomaliza sukulu. Ankati kukoleji amaphunzitsa ana kumanga, koma sawaphunzitsa kubwerera.

Dzuwa litakwera, makombi, timabasi ting'onoting'ono, anayamba kufika. Aphunzitsi anzawo anatsika atavala masuti akuda, nsapato zikumira m'matope. Kunabweranso ophunzira akale, ena kuchokera ku Harare, ena kumigodi. Mkulu wina analankhula m'Chingerezi, mnzake akumasulira m'Chishona. Amayi athu anamvetsera atawerama.

Tinanyamula bokosi kudutsa m'minda ya eni atsopano, amenenso anasiya makasu n'kutitsatira. Njira ya kumanda imadutsa pathanki ya madzi ya pampu ija. Pamenepo ophunzira aja anayenda pang'onopang'ono, ndipo ndinaona mayi wina mwa iwo akuyang'ana mpope woumawo, kenako n'kuyang'ana pansi.

Titabwerako, anthu anasamba m'manja ndi madzi ofiira a kumtsinje. Ophunzirawo sanakhale pansi kuti adye. Anavula majekete, nabwereka makwerero kwa aneba, n'kukwera pathanki. Amalume anapsa mtima, nati pamaliro sagwirapo ntchito, ndipo ananyamuka kuti akawatsitse. Amayi anawagwira mkono.

"Asiyeni, achimwene. Awonso ndi ana ake."

Madzi sanatuluke tsikulo. Mayi uja anabwera manja ali bii ndi girisi, nagwada pamaso pa amayi. Anati chitsulo china chinapsa, ndipo abwera ndi chatsopano Loweruka. Ine ndinakayika, poti mawu otere ndinawamvapo kwa ambiri.

Madzulo makombi atapita, pakhomo panangoti zii. Ndinasonkhanitsa mipando ndi mbale zobwereka kuti ndikabweze. Nditagwira makwerero, amayi anandiitana ali pakhonde, nati amenewo ndiasiye pomwepo.