Tsiku Limene Amayi Anakana Kubisa Shuga

Tinanyamuka ku Chelstone dzuwa litangotuluka, ine ndi amayi. Mimba yawo inali itatupa ngati ya pakati, pomwe anali ndi zidzukulu zokwatiwa. Madokotala anali atapeza khansa ya m'thumba la mazira, yofalikira kale, ndipo tsikulo ankati atiuze ngati awachita opaleshoni.

Basi ya boma inabwera yodzaza, monga mwa masiku a chipani chimodzi aja. Kondakitala atawaona anakalipira mnyamata wina: "Iwe, nyamuka, ba mayo ankhale!" Ndinalipira mangwee athu, n'kuima chogwira chitsulo mpaka m'tauni.

Ku Kamwala tinapeza mzere wautali wa anthu odikira shuga pasitolo. Amayi anaseka. "Akanabwera kwa ine, ndili naye wambiri m'magazi."

Tinakwera minibasi ya ku Kabwata, kumene achimwene anga ankatidikira ndi zitumbuwa m'pepala. Iwo ndi munthu wodziwa zonse, ngakhale zimene sanazionepo.

"Amai, mvelani," anatero. "Dokota akafunsa, musakambe za shuga na mtima. Na zaka muchepetseko. Akamva ati ndimwe okalamba, azakana opaleshoni."

Ine ndinavomereza, chifukwa ndinkafuna chotupacho chichoke basi. Amayi anangopukuta mafuta a chitumbuwa m'manja.

Kuchipatala chachikulu tinakhala pabenchi mpaka dzuwa kufika pamutu. Dokotala anali mtsikana wa msinkhu wanga. Atawapima anafunsa ngati ali ndi matenda ena. Achimwene anayamba kupukusa mutu.

"Ndili ndi shuga, mwanawe," amayi anatero mokweza. "Mtima nawonso umandigunda, ndikakwera kachitunda ndimapuma ngati galu. Zaka musandichepetsere, ndinazigwirira ntchito."

Achimwene anangoti kukamwa yasa. Ine ndinapsa mtima, sindinama.

Dokotala anaika cholembera pansi n'kufotokoza mosabisa. Khansa ikafika pamenepo, anati, opaleshoni yake imakhala yaikulu, ndipo mtima wotopa wa munthu wamkulu ukhoza kuima ali patebulo. Shuga nayenso amachedwetsa bala kupola. Anati ayamba wachotsa madzi m'mimbamo, akonze shuga, kenako apereke mankhwala a khansa pang'onopang'ono, monga thupi lingapirire. Kuchira sanalonjeze.

"Mwamva?" amayi anatitembenukira. "Mukanandiphetsa ndi chikondi chanu."

Pobwerera madzulo, basi inadutsa mumsewu waukulu wa kum'mawa, amayi akuwodzera paphewa langa. Mkwiyo unali utatha, ndipo ndinkangowayang'ana monyadira. Ife ana tinapita kukapempha mpeni, iwo anapita kukanena zoona za thupi lawo, n'chifukwa chake tinabwerera nawo kunyumba. Matendawo anawatenga ndithu, koma anayamba adyako chimanga chachiwisi cha m'munda wawo, atakhala pakhonde pawo, akutilamula ngati kale.