Zithunzi za Gidiyoni Zinapsa Tisanamuike

Ndinadzuka kusanache, nthiti zikuwawa chifukwa chogona pansi. Amayi a mpingo anali ataimba mpaka mawu kusasa, ndipo tsopano anali ngundangunda m'nyumba ya siwa, aliyense atadzikulunga chitenje mpaka kumutu. Pakati pa chipinda panali bokosi, m'bokosimo muli mlongo wanga Gidiyoni, wa zaka makumi atatu ndi zinayi. Amayi athu anali atatsamira bokosilo, maso ali tong'o. Sanandiyang'ane pamene ndinkadumpha miyendo ya anthu kuti ndituluke.

Panja panali mphepo ya mu Ogasiti, yozizira komanso ya fumbi. Azibambo anali atazungulira zitsa zitatu zamoto, ena akusinza chokhala. Adzukulu, amene amakumba manda, anali atanyamuka kale ndi makasu. Kuseri kwa khitchini azimayi anali akutereka migolo pamafuwa, wina wa nyemba, wina wa madzi. Ngolo ya nkhuni inali itangofika kuchokera kumudzi woyandikana nafe, ng'ombe zikutuluka nthunzi m'mphuno.

Gidiyoni anali ndi matenda akugwa kuyambira ali wamng'ono. Lachiwiri m'mawa anapita kudimba kukathirira repu ndi matimati. Masiku onse tinkapita awiri, koma tsiku limenelo ine ndinapita kuchigayo. Anamupeza masana atagwera chamutu m'chitsime, madzi ake osafika n'komwe m'chiuno.

Kuti mumvetse zimene zinachitika m'mawa wa Lachinayi limenelo, ndiyenera kunena chimene mlongo wanga ankakonda. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri anagwera pamoto, dzanja lamanzere n'kupsa, ndipo anakakhala miyezi itatu kwa achibale ku Chipata akulandira mankhwala. Kunyumba kumeneko kunali wailesi yakanema. N'kumene anaonera koyamba makatuni a ku Japani, amene iye ankawatcha anime, ndipo ankakwiya munthu akati ndi zidole. Mwa onsewo anagwira nkhani imodzi yokha, ya zigawo zambirimbiri. Inali ya mtsikana amene mudzi wa kwawo unamira, ndiye ankayenda dziko ndi dziko kufunafuna abale ake, ali ndi ng'ombe yakuda ya nyanga imodzi. Mtsikanayo naye anali ndi nthenda yake. Ankakomoka panjira, ng'ombeyo n'kuima pambali pake mpaka atsitsimuke. Zina zonse sindizidziwa bwino, ngakhale anandifotokozera kambirimbiri ndikutonola chimanga. Ndinkangoti eee, eee, maganizo ali kwina.

Nkhani imeneyi anaitsatira zaka makumi awiri ndi ziwiri. Anayamba ndi madisiki obwereka, kenako anagula foni ndi kasola. Ankapalasa njinga kuchokera kwathu kuno ku Zingalume mpaka pa boma pa Chadiza kuti akatenge zigawo zatsopano, ife mitima ili m'mwamba kuti agwa panjira. Sukulu anasiyira giredi seveni chifukwa cha matenda, koma Chingerezi anachiphunzira powerenga mawu odutsa m'munsi mwa kanema. Ndipo ankajambula. Ankajambula pamapepala a matumba a simenti, kumbuyo kwa makalendala akale, m'makope otsala a ana anga. Makoma onse anayi a kanyumba kake anali odzaza, kuchokera pansi mpaka kudenga.

Kutangoyamba kuyera, amalume athu, amene ndiwo ankayendetsa maliro, anandikodola. Tinapita kuseri kwa nkhokwe. Kumeneko ndinapeza mkulu wa mpingo wathu ataima, Baibulo ali nalo m'khwapa. Abusa anali kutali ku msonkhano, choncho mwambo wonse unali m'manja mwa iyeyu. Zinapezeka kuti azibambo ena analowa m'nyumba ya Gidiyoni kuthawa mphepo, n'kuwalitsa matochi m'makoma.

"Mayi," anatero mkuluyo, "taziona zimene zili m'nyumba muja. Anthu a maso ngati akadzidzi, chilombo cha nyanga imodzi, ndi malemba oti palibe angawerenge. Anthu akulankhula. Akuti n'zimene zamukokera m'chitsime."

"Ndi makatuni, abambo," ndinatero. "Ana a m'tauni amaonera tsiku lililonse."

"Uyu sanali mwana."

Ndinawakumbutsa kuti Gidiyoni anali wobatizidwa, kuti Lamulungu lililonse ankakhala benchi yakumbuyo pafupi ndi khomo, kuti akagwa asasokoneze mapemphero. Mkuluyo anavomera zonsezo. Sanali kukalipa, ankalankhula motsitsa ngati munthu wondimvera chisoni. Koma anati mpingo sungatsogolere bokosi ndi nyimbo pamene zinthu zimenezo zidakali pakhoma, chifukwa mawa akhristu adzamufunsa iyeyo.

Kwathu palibe amene anaikidwapo popanda nyimbo. Agogo a amayi athu anali m'gulu la anthu oyamba kubatizidwa kudera lino, ndipo amayi amanyadira zimenezo kuposa chilichonse chimene ali nacho. Amalume anandigwira pamkono.

"Esinati, mwana wanga, kachotse. Ndi mapepala chabe. Amako asamve, sangapirire."

Ndinkadikira kuti wina anene njira ina. Palibe ananena.

M'kanyumbamo munali mukadali mdima. Munkamveka fungo lake, la sopo wochapira ndi utsi. Bulangete linali chipindire, mapensulo ali m'kachitini pazenera. Sindinafune kuona chimene ndikuchotsa, choncho ndinangoyamba kukoka. Mapepala ena anawamata ndi phala, ena anawakhomera ndi minga ndi timisomali, ndipo ankachoka ndi dothi la khoma. Ena ankang'ambika pakati. Ndinawaunjika pachitenje n'kumanga ngati mtolo wa masamba. Ndinanyamula maulendo awiri.

Moto waukulu unali wa pansi pa mgolo wa nyemba. Ndinagwada n'kuyamba kusonkhezera. Mapepala a simenti sapsa msanga, amayamba afuka, n'kupindika, kenako n'kuyaka. Mphepo inanyamula kachidutswa kamodzi koyaka, pali diso limodzi lalikulu, n'kukagwetsa pamapazi a mayi wina. Analumpha akukuwa, mnzake n'kulavula. Mkulu wa mpingo anaima chapatali mpaka mtolo wachiwiri utatha, kenako anagwedeza mutu n'kupita kukasonkhanitsa oimba. Manja anga anali akuda mpaka m'zigongono. Palibe anandipatsa madzi, ndinakatunga ndekha.

Dzuwa litakwera anthu anayamba kufika. A ku Zemba anabwera panjinga, atatu atatu, azimayi atakhala chammbali pakaliyala. A ku Mlolo, kuchimuna kwathu, anadzaza kaminibasi kamene kanawatsitsira kumsewu, n'kumaliza wapansi. Azimayi ankayamba kulira akangoona denga la siwa. Azibambo ankavula zipewa n'kukhala pansi pa mitengo ya mango. A mbali ya gule, amene sapemphera nafe, anakhala pawokha pafupi ndi khola. Ambiri mwa adzukulu anali awo. Iwo sanafunse chilichonse cha zithunzi.

Ndinkamva manong'onong'o podutsa. Ena ankati banja lachita bwino. Ena ankati tachedwa, tikanawotcha kalekale mwina akanakhala moyo. Mayi wina wachikulire anauza anzake kuti iye nyemba zimenezo sadya.

Chakumasana kunafika njinga yamoto, pali anthu awiri oti palibe ankawadziwa, mwamuna ndi mkazi a msinkhu wa Gidiyoni, fumbi lili mbuu m'nsidze. Anafunsa mlongo wake wa malemu, ndipo anthu anawalozera ine. Tinakhala pakhonde la khitchini.

"Pepani kwambiri, amayi," anatero mkaziyo. "Ife tachokera ku Chipata. A Gidiyoni sitinaonanepo nawo maso ndi maso, koma zaka zisanu takhala tikucheza pafoni. Tili ndi kagulu ka anthu okonda nkhani imodzi. Iwo ndiwo anali akulu athu. Ankakumbukira gawo lililonse."

Sindinkadziwa kuti mlongo wanga anali mkulu wa anthu kwinakwake. Kuno ankangodziwika kuti ndi uja amagwa.

Mwamunayo anati nkhaniyo sinathebe, mtsikana uja akadali panjira, ndipo Gidiyoni ankakonda kunena kuti iye safa asanaone mathero ake. Atanena zimenezo anaphimba nkhope ndi chipewa. Mkaziyo anatsegula chikwama n'kutulutsa chithunzi chosindikiza cha mitundu, mtsikana ndi ng'ombe yake. Anati a m'gulumo anagwirizana kuti achiike pabokosi pamodzi ndi maluwa.

"Bisani," ndinatero. "Chonde, bwezerani m'chikwama msanga."

Anandiyang'ana modabwa, koma anabweza. Kenako anafunsa ngati ndingawaonetse khoma la zithunzi za Gidiyoni. Anati kamera ya foni ya Gidiyoni inali yosweka, zimene ankawatumizira zinkaoneka mdima wokhawokha, ndiye ankangowauza kuti adzabwere adzaone okha. Chaka chilichonse ankamulonjeza kuti abwera anthu akakolola.

Ndinati nyumbayo ndi yokhoma ndipo kiyi ali ndi amalume. Chitseko chinali pululu, chikumenyedwa ndi mphepo, mapazi makumi awiri okha kuchokera pamene tinakhala. Sindikudziwa ngati anachiona. Sanafunsenso.

Bokosi linatulutsidwa dzuwa litapendeka pang'ono. Tinaona nkhope. Anamuveka malaya oyera a kutchalitchi, dzanja lopsa lija ataliphimba ndi linzake. Amalume anawerenga mbiri yake. Anabadwa, anabatizidwa, anadwala nthawi yaitali, anali wothandiza kudimba, anamwalira. Inatha anthu ena asanakhazikike bwino. Mkulu wa mpingo analalikira za zinthu zimene anthu amasunga m'nyumba zawo mosadziwa kuti akuitana imfa. Sanatchule dzina la munthu, koma mitu inkatembenukira kwa ine. Amayi anali chiweramire, sanamve tanthauzo lake. Iwo ankangodikira nyimbo.

Ndipo nyimbo zinaimbidwa. Amayi a mpingo anatsogola atavala mabulawuzi oyera, bokosi pambuyo pawo pamapewa a azibambo osinthanasinthana, kenako ife. Njira ya kumanda imadutsa m'minda ya thonje imene inali itakololedwa kale, mapesi okhaokha. Mphepo inkatiwomba kumaso, fumbi likulowa m'kamwa mwa oimba, koma sanasiye. Ndinagwira amayi kudzanja lamanja, msuweni wanga kumanzere. Anali opepuka ngati mwana. Milomo yawo inkatsatira mawu a nyimbo popanda kutulutsa liwu.

Kumanda kunali bata chifukwa mitengo inatchinga mphepo. Adzukulu analowa m'dzenje n'kulandira bokosi. Dothi loyamba litagunda, amayi anakhala pansi. Ine sindinalire. Ndinali nditalira Lachiwiri ndi Lachitatu, koma tsiku limenelo maso anali ouma, akungoyabwa ndi utsi wa m'mawa. Ndinaona alendo awiri aja ataima kumbuyo kwenikweni, mkaziyo atakumbatira chikwama chake pachifuwa. Poitana oika maluwa, anaitana banja, mpingo, akuchimuna ndi anzake a kudimba. Iwo sanaitanidwe, chifukwa palibe ankadziwa kuti awatchule kuti ndani.

Pobwerera tinasamba m'manja pamphambano. Anthu anadya mofulumira kuti afike kwawo kusanade. Alendo aja anabwera kudzatsanzika. Mkaziyo anandigwira manja onse awiri n'kunena kuti zithunzi zija tizisunge bwino, tsiku lina adzabwera kudzaona. Ndinati ayende bwino. Mkulu wa mpingo naye anabwera, n'kundiuza kuti ndachita chinthu cha nzeru ndipo Mulungu waona. Amalume anadutsa pafupi nane kawiri konse osandiyang'ana.

Dzuwa likulowa bwalo linali litatsala ndi phulusa, mafuwa ndi mabenchi obwereka. Mphepo inaleka. Achibale ochepa amene anatsala kuti adzasese mawa anapita kukasamba kudambo. M'nyumba ya amayi munatsala ine ndi iwo basi. Pamene panali bokosi panali njerwa zinayi zimene analikhazikapo, palibe anali atazichotsa. Ndinawayalira mphasa, ndinawapatsa madzi, anamwa pang'ono n'kugona chammbali atayang'ana kukhoma.

Patapita nthawi analankhula.

"Amuimbira bwino mwana wanga."

"Eee, amayi."

"Ndimaopa kuti anthu sabwera, poti anali wodwala. Koma abwera."

"Abwera, amayi."

Ndinaganiza kuti agona. Kunja nkhuku zinali kukwera mumtengo. Kenako anatembenuka pang'ono.

"Esinati, m'nyumba mwake muja, pamwamba pa zenera, pali chithunzi chimene anandijambula ine. Anandipatsa maso aakulu ngati a anthu ake aja, ine nditasenza nkhuni. Ndinamukalipira kuti sindioneka choncho, iye n'kumaseka. Mawa ukanditengere. Ndikufuna chikhale muno."

Sindinkadziwa kuti chinalipo. M'mawa muja pamwamba pa zenera ndinakwera pampando kuti ndifikepo, ndipo ndinakoka zonse ndi dzanja limodzi, nkhope nditayang'ana kumbali.

"Wamva?"

"Ndamva, amayi."

Anakoka chitenje mpaka paphewa n'kutseka maso. Ine ndinakhala pomwepo pansi, msana kukhoma, mpaka m'nyumbamo munada. Nyale sindinayatse.