Magudumu Ofiira a Mayi Simbi

Pamalo ochapira zovala a kuseri kwa depoti ya mabasi, onse ankangowatchula kuti mayi Simbi. Dzinalo linawakhala, chifukwa chiyambire utsikana wawo ankaima pathebulo lositira, kuwongola makolala a anthu amene sankawapatsa n'komwe moni. Anali mayi wamfupi, wamikono yowonda, wosadziwa kupempha. Akati akuthandize ankathandiza ndi mtima wonse, koma iwe ukati uwathandize, nkhope inkachita ngati wawaponda chala.

Amuna awo anali dalaivala wa basi, chimunthu chathupi, choseka mokweza. Sitiroko itawagwira, mbali ya kumanja inafa ndipo mawu anatsala owerengeka. Atatuluka m'chipatala, chovuta sichinali mankhwala. Chovuta chinali kuwachotsa pabedi kuwaika pachikuku, kuwachotsa pachikuku kuwakhazika kubafa. Mayi Simbi ankadikira aneba, ndipo aneba nawo ali ndi kokagwira ntchito. Masiku ena a dalaivala ankaswera pabedi mpaka dzuwa kupendeka.

Mlamu wawo, chemwali wamkulu wa a dalaivala, anabwera n'kuona zonsezi. Sanali munthu woipa, kungoti ankalankhula ngati akuwerenga chigamulo.

"Mlamu, musadziphe," anatero. "Kwathu kuli amuna amphamvu. Ndikangomaliza kukonza chipinda, mlongo wangayu ndidzamutenga."

Kwawoko kunali kutali, ulendo wosintha mabasi. A dalaivala anamva zonse. Anatambasula dzanja lamoyo lija n'kugwira siketi ya akazi awo, osaisiya mpaka mlendoyo atatsanzika.

"Chipindacho chikamatha, mudzandipeza ndikuwanyamula ndekha," anatero mayi Simbi pakhomo. "Mukadzaona zimenezo mudzawasiye."

"Ndikadzaona," anayankha mlamuyo.

Mayi Simbi anali ndi mlongo wawo wamng'ono, wowotcherera zitsulo, amene anamulera okha makolo atamwalira. Kuseri kwa shopu yake kunali shedi imene amuna a m'deralo ankanyamuliramo zitsulo: chitsulo chachitali chimodzi, benchi, ndi magudumu a simenti amene iye ankaumba yekha n'kulembapo makilo ndi penti. Tsiku limene mayi Simbi analowamo, aliyense anasanduka mphunzitsi. Mlonda wa pasitolo anati chofunika ndi mikono, azipinda mikono tsiku lililonse. Wogulitsa nyama anati ayi, ayambe athamanga. Mayi Simbi anawamvetsera onse, kenako anafunsa funso limodzi.

"Njira yoti munthu azule chinthu cholemera pansi ndi iti?"

Mlongo wawo anaseka. "Imeneyo ndiye ya oyamba kumene, achemwali, ndipo ndi yosakoma. Zochita ndi zitatu basi: kunjuta chitsulo chili pamapewa, kuchikankhira m'mwamba, ndi kuchizula pansi. Mukabwera lero, mawa mupume. Ulendo uliwonse tiziwonjezera kakang'ono. Tsiku lina chitsulo chidzakana. Chikakana timabwerera m'mbuyo pang'ono n'kukweranso, ndipo kuyambira pamenepo kuwonjezera kumakhala kwa apo ndi apo. Aliyense chimamukana."

"Pang'onopang'ono ndi mtolo," anatero mayi Simbi. "Tiye."

Anayamba ndi chitsulo chopanda kanthu. Ankabwera akaweruka, manja akununkha sopo, n'kuthamangira kunyumba kukasambitsa amuna awo. Masabata oyamba zinayenda monga mlongo wawo ananenera. Kenako tsiku lina, akuzula chitsulo pansi, anagwira m'chiuno n'kukwinya nkhope. Sichinali chinthu chachikulu, ndipo mawa lake anali atayiwala. Koma mlongo wawo anaona.

Sabata yotsatira anawapangira magudumu awoawo, openta ofiira. Anati awa ndi a achemwali anga, mwamuna aliyense wowakhudza asadzabwerenso muno. Ankawaika yekha pachitsulo, n'kuwachotsa yekha. Mayi Simbi akati athandize, iye ankati, "Inu sungani mphamvu, zonyamulanyamulazi ndi za ife antchito." Iwo ankamva kukoma. Mwana amene anamuchapira matewera tsopano ankawasamala.

Kuyambira pamenepo chitsulo sichinawakanepo. Magudumu ankakula, manambala ankakwera, ndipo chitsulo chinkangonyamuka. Mlonda uja chinamukana mpaka anatukwana. Wogulitsa nyama anabwerera m'mbuyo kangapo. Mayi Simbi okha ankangokwera, ndipo kunena zoona anayamba kudzimva. Kuntchito ankauza anzawo kuti amuna a m'shedimo ndi mavuvu chabe. Kunyumba ankakhala m'mbali mwa bedi n'kunong'oneza amuna awo kuti, "Bambo, ndatsala pang'ono kukufikani." A dalaivala ankaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa.

Sikelo ya kuchipatala inali itawauza kulemera kwa amuna awo. Tsiku limene manambala a pamagudumu ofiira anapitirira pamenepo, mayi Simbi anafuna kukayesa kunyumba madzulo omwewo. Mlongo wawo anawaletsa. Anati adikire kaye, thupi likhwime, aneba apitirize kuthandiza. Anawadikiritsa choncho mpaka uthenga unafika kuti chipinda chatha.

Mlamu uja anabwera ndi galimoto yobwereka ndi ana ake aamuna awiri. Anaima pakhomo la kuchipinda manja atapinda. Mayi Simbi anayandikiza chikuku, anaika mapazi monga anaphunzirira, anawongola msana, n'kukumbatira amuna awo m'khwapa. A dalaivala anawayang'ana m'maso, osaopa ngakhale pang'ono. Mayi Simbi anakoka mpweya n'kuzula.

Thupilo linanyamuka pang'ono chabe, kenako linawakokera pansi. Onse awiri anagwera pakati pa bedi ndi chikuku, ndipo chipumi cha a dalaivala chinagunda chitsulo cha bedi n'kuchucha magazi. Ana a mlamu aja anawadzutsa mosavuta. Mlamuyo sananyoze, ndipo mwina kunyoza kukanakhala bwino. Anangoti, "Mwayesetsa, mlamu," n'kuyamba kulonga zovala. Powatulutsa, a dalaivala anagwiranso siketi ija, ndipo mayi Simbi anachita kumasula okha zalazo chimodzichimodzi.

Mlongo wawo atamva anabwera kudzapepesa. "Munthu si chitsulo, achemwali," anatero akuyang'ana pansi. "Alibe pogwira." Iwo anakhulupirira. Kwa masabata angapo ankadziimba mlandu okha, kuti mwina anaponda molakwika, mwina mantha anawafooketsa. Kushedi kuja anasiya kupitako.

Tsiku lina masana, ntchito itachepa, miyendo inangowatengera komweko. Mlongo wawo anali atapita kukaika geti kwa kasitomala, ndipo m'shedimo munalibe munthu. Anaganiza zoti azule chitsulo kamodzi kokha, aone ngati mphamvu zija zinalipodi. Kwa nthawi yoyamba anapita okha pakona ya magudumu ofiira. Anakonzeka ndi manja awiri kunyamula lalikulu kwambiri, ndipo linabwera ngati beseni la zovala zouma.

Anaima kaye. Pambali panali gudumu la amuna aja, losapenta, lolembedwa nambala yomweyo. Analigwira, ndipo linangosuntha pang'ono n'kukhala.

Analowa m'shopu n'kutenga hamala yaikulu, n'kubwerera pa gudumu lofiira lija. Kumenya koyamba simenti inang'aluka, kwachiwiri inaphwanyika. M'kati munali jumbo lodzaza utuchi. Anaswa lachiwiri, utuchi. Lachitatu, utuchi ndi mabotolo apulasitiki opanda kanthu. Mlongo wawo anawapeza atakhala pabenchi, utuchi uli mbwee pansi ponse.

"Achemwali," anatero.

"Unayamba liti?"

"Tsiku lija munagwira m'chiuno. Ndinaopa. Msana wanu ukanathyoka, odwala akanakhala awiri. Ndimati mukhala mukubwera, mtima uzikhala m'malo, mpaka alamu adzawatenge bwinobwino."

"Ndiye unkadziwa kuti adzawatenga."

Iye anawerama n'kuyamba kutola zidutswa za simenti.

"Unkaima apo n'kumandiwombera m'manja. Ine n'kumapita kukauza munthu wodwala kuti ndatsala pang'ono. Anandikhulupirira, iwe. Sanagwire n'komwe bedi pamene ndinkawanyamula."

"Ndimafuna kukutetezani."

"Ukanandiuza kuti sindingathe, tikanakangana, ndipo ndikanafuna njira ina. Ukanasiya chitsulo chindikane, ndikanabwerera m'mbuyo n'kukweranso, monga unanenera wekha. Miyezi yonse ija ndinkanyamula utuchi. Mwina ndikanafika, mwina ayi. Wandilanda n'kudziwa komwe."

Zinawapweteka kuposa tsiku la kugwa lija. Mlamu wawo anawauza maganizo ake pamaso, ndipo wakutsina khutu ndi mnansi. Koma wowapaka phula m'maso anali mwana wa mayi awo, amene anamuphunzitsa okha kumanga zingwe za nsapato. Ankati akamuyang'ana, mkwiyo ndi chisoni zinkalimbirana malo mumtima.

Anaimirira n'kukoka chitsulo chachitali chija. Mlongo wawo anafuna kuthandiza.

"Usakhudze," anatero mayi Simbi.

Anagubuduza okha magudumu ang'onoang'ono osapenta, n'kuwalowetsa okha. Anazula, chinanyamuka. Anawonjezera ena, chinanyamuka movutikira. Atawonjezeranso, chitsulo chinakakamira pansi, ndipo kulemera kwake sikunafike ngakhale theka la amuna awo. Anakoka mpaka misempha ya m'khosi kutuluka, koma sichinasunthe. Anachisiya, n'kuchotsa timagudumu tiwiri, monga lamulo la oyamba kumene linenera.

Mpaka lero mayi Simbi amapita kushediko, tsiku lina kubwera, lina kupuma. Amaika okha magudumu, ndipo lililonse amayamba aligogoda ndi chala. Ndi mlongo wawo amapatsana moni, basi. Chitsulo chawakana kambirimbiri, ndipo tsopano amawonjezera mwa apo ndi apo. Patsiku lopuma kuntchito amakwera mabasi aja kukaona amuna awo, amene anawonda ndipo saseka kawirikawiri. Ulendo wina a dalaivala anawagwira mkono, anaufinya pamene payamba kulimba, n'kuvutika mpaka kutulutsa liwu limodzi.

"Liti?"

Mayi Simbi anatsegula pakamwa kuti anene kuti posachedwa. Anatsekanso pakamwapo, n'kukonza kolala ya malaya a amuna awo.

"Sindikudziwa, bambo," anatero. "Ndikadali kutali."