Chikumbu cha Tabiya Wofulula Mowa

Kwathu ku Waseti, tsidya la kumadzulo kwa mtsinje, panalibe wosamudziwa Tabiya wofulula mowa. Nyumba yake inagundana khoma ndi yathu. Anali mayi wamfupi, wojintcha, wa mawu omveka mpaka kudooko, ndipo ine ankanditcha mng'ono wake ngakhale panalibe chibale. Motero malemu amuna anga a Penibu, amisiri osema zikumbu za mwala zoika pachifuwa cha akufa, anasanduka alamu ake onyogodolana nawo.

Mowa wa Tabiya unali ndi mbiri imodzi. Munthu ankatha mtsuko wathunthu n'kubwerera kwawo akuyenda mowongoka ngati wansembe. Chifukwa chake tinkachidziwa tonse, koma tinkangoti ndi mowa waulemu.

Chaka china, madzi osefukira a mtsinje atangophwa m'minda, Tabiya anagona ndi chifuwa masiku asanu ndi atatu. Atatsitsimuka anatulukira pakhomo pathu m'mawa, mphero yake ili pamutu, naitula pamapazi pa a Penibu.

"Alamu, mundisemere chikumbu cha pamtima. Mwala wake ndi uwu."

A Penibu anaizungulira mpheroyo kawiri. "Mukufuna chikumbu kapena mvuu? Cha pamtima chimakwana m'chikhatho, ndipo chimakhala cha mwala wobiriwira. Ichi akadzakuikani pachifuwa mudzaphwatalala ngati mkate."

"Kakang'ono sikangathe ntchito," anatero Tabiya. "Inu mtima wangawu simuudziwa. Ndi wolongolola ngati mwini wake."

Kenaka anakhala pansi, natsitsa mawu, zomwe ndinali ndisanamumvepo akuchita. Anati ali chigonere ankangoona tsiku lomwe mtima wake udzaikidwe pa sikelo kudziko la akufa, nthenga ya choonadi ili mbali inayo, chilombo cha mutu wa ng'ona chikudikirira pansi kuti chimeze mtima wolemera. Zaka makumi atatu akuthira madzi mu mowa!

"Mtimawu ukadzangoyasama, ndatha ine. Ndikufuna mwala woti uupsinje, usapume n'komwe."

A Penibu sanaseke, ngakhale ndinaona masaya awo akulimbana nako kuseka.

"Alamu, mawu amene ndimalemba kumimba kwa chikumbu ndi opempha, si oopseza ayi. Chimanyengerera mtima kuti usamuukire mwini wake pamaso pa oweruza. Tsono wonyengerera amafuna chabwino choti agwirepo. Chanucho chikanena chiyani?"

"Chikanena kuti palibe amene anagwerapo m'ngalande chifukwa cha mowa wanga."

"Akanagweramo bwanji, poti ngalandeyo munkaithira mumtsuko?"

Tabiya anawagenda ndi anyezi, nasenza mphero yake n'kumapita.

A Penibu anamusemerabe chikumbu pa mwala wawo, ndipo chinatenga mwezi. Chinatuluka chosalala, chobiriwira ngati tirigu wanthete, timiyendo titapindika bwino kunsi. Anthu ena amachisunga m'bokosi pamodzi ndi bafuta wa maliro. Tabiya anachikhazika pakabowo ka khoma, pamwamba pa mitsuko, mutu utaloza ku mowa.

"Chizidzipenyera chokha," anatero, "chidzakhale ndi chokamba."

Kuyambira tsiku limenelo madzi sanalowenso mumtsuko, ndipo mudzi unaona zakuda. Amuna anali atazolowera kugugudiza osawerengera. Wokumba manda wina anapezeka dzuwa lili paliwombo akupepesa bulu wa eni ake. A Penibu omwewo anasema chikumbu cha miyendo isanu ndi iwiri, nachita kuchikwirira kuseri kwa nyumba mwamanyazi.

"Mwaona, alamu?" anafuula Tabiya pamwamba pa khoma. "Umboni wayamba kuoneka!"

Sindinganame kuti zinali zophweka. Dzanja la zaka makumi atatu limadziwa lokha njira ya kumtsuko wa madzi. Kangapo ndinamumva kupyola khoma akukangana ndi mwalawo: "Usandiyang'ane choncho iwe, ndikungosamba m'manja!" Tsiku lina ndinamupezerera atachiphimba ndi kansalu, chikho cha madzi chili m'manja. Tinayang'anizana. Anachotsa kansaluko, natuluka kukathirira anyezi wake, akung'ung'udza kuti mboni ziwiri m'nyumba imodzi n'zochuluka.

Anakhala zaka zina khumi ndi zinayi, mpaka anathandiza kulira a Penibu. Tabiya atafooka komaliza anandigwira dzanja.

"Mng'ono wanga, khumi ndi zinayi zingapose makumi atatu?"

"Akulu anga, chikumbu chinaona khumi ndi zinayi zokhazo. Zinazo chinali chikadali mwala kuchipululu."

Anaseka mpaka kutsokomola, nati a Penibu anandisiyira pakamwa.

Ndine amene ndinachichotsa pakabowo paja n'kuchipereka kwa okonza mitembo kuti achikulunge pachifuwa pake. Mkulu wawo atachilandira anachinunkhiza, nakwinya mphuno.

"Amayi, chikumbu ichi chinkakhala kuti? Fungo lake lokha munthu angaledzere nalo!"

"Musachitsuke, bambo," ndinatero. "Chikulungeni momwemo. Oweruza akachinunkhiza adziwa okha kuti madzi munalibe."