Bwana wa Banki Amene Ankafuna Kundilanda Awa

Fungo la nthochi zokazinga ndi tsabola limandibwezera ku ubwana wanga ku Balbriggan, tauni ya kufupi ndi Dublin, pakhomo loyandikana ndi lathu, pamene pankakhala banja la ku Ivory Coast. Ndinali ndi zaka naini, ndipo mwana wa pakhomopo, Awa, ndiye anali mnzanga wa ponda apa nane mpondepo. Kusukulu tinkakhala desiki limodzi, majekete athu onyowa akuuma pa rediyeta imodzi yotenthetsera m'kalasi. Inali nyengo imene mitengo imayoyola masamba, mphepo ya kunyanja ikugwedeza mawindo.

M'khitchini mwawo wailesi sinkazima. Inkalankhula Chifalansa, ndipo dzina la munthu mmodzi linkangobwerabwera. Munthuyo kale ankayang'anira banki yaikulu ya mayiko a kuzambwe kwa Africa, kenako adamuitana kwawo kuti akhale nduna yaikulu, alumikize dziko limene nkhondo idaligawa pakati. Bambo ake a Awa akamva dzinalo sankakhazikika. Ankayendayenda pakati pa sinki ndi filiji, supuni ili m'manja, nthochi zikupserera.

Abambo anga, amene ankaphunzira zachuma ku yunivesite ku Dublin, ankamutamanda munthuyo ngati malume awo.

"Ameneyo si wandale wamba," anauza amayi tsiku lina tikudya. "Ndi munthu wa banki, sapupuluma. Akangochititsa chisankho, maneba athuwa akwera ndege."

"Ndi Awa yemwe?" ndinafunsa.

"Nanga amusiyira ndani? Kwanu n'kwanu, Tadala, mthengo mudalaka njoka."

Kuyambira pamenepo mtima wanga unali m'mwamba. Ndinadana naye bwana wa bankiyo ndisanaone ndi nkhope yake yomwe. M'maganizo mwanga anali chimunthu cha suti yotuwa, chonyamula makiyi ambirimbiri, chobwera kudzanditsekera Awa m'ndege. Ndinkasuzumira pampanda ngati kazitape. Njinga ya Awa anaipereka kwa mwana wina. Makatoni anayamba kuunjikana pansi pa masitepe, akununkha tepi yatsopano. M'kalasi ndinkangotembenukatembenuka mpaka aphunzitsi anafunsa ngati pampando panali minga. Awa mwiniwake sankakukumbuka n'komwe kwawo ku Abidjan, ankangoti akuti kulibe chisanu.

Masana ena tinafika kuchokera kusukulu titanyowa chapachapa, n'kupeza wailesi ili zii. Bambo ake a Awa anali atakhala patebulo, akadali mu jekete ya kuntchito, akuyang'ana khoma. Awa anafunsa amayi ake m'Chifalansa, kenako anandikokera kuchipinda cha pamwamba.

"Chisankho achiimitsanso," anandinong'oneza. "Sitikupita."

Tinadumphadumpha pabedi mpaka masipuling'i analira. Amayi ake anakwera, osakalipa, anangotipempha kuti tichepetse phokoso. Ine ndinadabwa kuti munthu angakhale bwanji ndi nkhope yotero pa tsiku labwino chonchi.

Bwana wa banki uja sanakhalitse pampando, ndipo mtendere unachedwa kuposa mmene akuluakulu ankaganizira. Pamene unkafika, bambo ake a Awa anali atayamba kudwala. Ine ndinkayesa kuti masana aja ndinapambana, ndipo mwina ndinapambanadi, poti Awa ndiye anandiperekeza pa ukwati wanga. Koma ndikamuperekeza iyeyo kukaika maluwa pamanda a bambo ake, konkuno ku Balbriggan, ndimadziwa kuti denga limene tinkaligwedeza ndi chimwemwe lija linali pamutu pa munthu amene anali atangomva kuti kwawo sadzakuonanso.